Usadzandiphe pa Malire

Mwana wanga Fanuwelo,

Ndikulemba kalatayi pa tebulo lopalira matabwa, ndi pensulo imene imakhala pakhutu ija, ndiye ukapeza utuchi m'mapepalamu usadabwe. Amayi ako ali kuseri akukukazingira nkhuku ndi mtedza wa kamba wa paulendo. Akuti ndi utsi umene ukuwatulutsa misozi. Asiye anene choncho. Ine ndinayesa kukukhazika pansi dzulo, koma bambo ako akamayankhula, maso ako amakhala pa wotchi yatsopanoyo. Ndiye ndati ndilembe. Basi ya ku Mchinji imayenda ngati ikupepesa msewu, ndipo m'menemo ulibe kothawira. Uwerenga ngakhale chifukwa chosowa chochita.

Sindikukuletsa kupita ku Botswana. Nawonso akumanga likulu lawo, akufuna anthu odziwa mawaya a magetsi, ndipo iwe mawayawo wawaphunzira konkuno mpaka kuipitsa nawo zala. Mtundu wathu ndi wa miyendo. Agogo ako aamuna anayenda pansi mpaka ku Halale, opanda wowalemba, ulendo umene tinkautcha wa selefu. Ine ndinayenda. Iwenso yenda.

Chimene chandigwiritsa pensulo ndi mawu a mnzako Bonifasi. Lamulungu lapitali, mutakhala pakhonde, ine ndili m'kati ndikunola sowo, ndinamumva akukuuza kuti: "Man, bwana akakukaniza leave, kapena pa boda akamavuta, umangoti my father is late. Amakutsegulira okha, mwinanso kukupatsa lifiti." Iwe unaseka mpaka kumenya ntchafu. Ine sindinaseke, poti wakufayo ndinali ine. Mvera, Fanuwelo: usadzandiphe pa malire. Nkhani yake umaidziwa mwa zidutswa, zimene amayi ako amatola akafuna kundichititsa manyazi pamaso pa alendo. Lero uimve yonse, kuchokera kwa mwini wake.

Kulakwitsa kwanga koyamba kunali kukangana ndi mtengo. Nthawi ya chitaganya, mayiko athu atawamanga pamodzi, munthu ankangonyamula zida zake n'kumapita kumene kuli ntchito. Chitaganyacho tinkadana nacho, ndipo tsiku limene chinatha ndinavina mpaka kung'amba kabudula. Sindinadziwe kuti ufulu ukubwera ndi mtengo wopakidwa zofiira ndi zoyera, wopingasa msewu wa ku Chipata. Ntchito yomanga inali itachuluka ku Chipatako, kuno kulibe. Tsidya ilo kunalinso mudzi wa atsibweni anga a Chikakuda, mlongo wawo wa amayi anga, kumene agogo ako aakazi anakakhala atamwalira amuna awo. Ndiye nditafika pa mtengo paja ndi thumba la zida, mnyamata wa yunifolomu anandifunsa chilolezo chogwirira ntchito. Ndinamufotokozera bwinobwino kuti anthu a uko ndi a kuno ndi amodzi, gule ndi mmodzi, ngakhale mbuzi imene inkadutsa pansi pa mtengowo nthawi yomweyo sinaonetse pepala. Anandimvera mwaulemu, kenako anati: "Mbuziyo sikukafuna ntchito, bambo." Ndinabwerera. Usamatsutsane ndi munthu wogwira chidindo, mwana wanga. Ukhoza kumupambana pa nzeru, koma chidindocho chimagona kwa iye.

Ndili pansi pa mtengo wa mango pafupi pomwepo, ndikuganiza chokauza amayi ako, ndinaona amayi atatu akubwera atasenza ufa, nsalu atamanga m'chiuno. Sanaonetse kanthu. Anangoti "kwagwa zovuta", ndipo mnyamata uja anavula chipewa, n'kuwalembera kapepala, n'kukweza mtengo. Apo m'pamene Satana anakhala nane pa mthunzi. Boma likhoza kuletsa munthu kukagwira ntchito, koma palibe Mchewa, Mtumbuka kapena Mngoni amene angaletse mnzake kukalira maliro. Ndipo mwa anthu onse a ntchito zamanja, ndani amene amapita ku maliro ndi sowo, hamala ndi misomali popanda womufunsa? Kalipentala. Womanga nyumba sangafotokoze chimene akukachita ndi chopakira matope ku manda. Ine zida zanga zinkadzifotokoza zokha.

Woyamba kumupha anali atsibweni a Chikakuda. Ndinadikira tsiku limene pa geti panali munthu wina, ndinayenda mozyolika, ndinati atsibweni atisiya ndipo abale akudikira ine kuti ndikakhome bokosi. Mtengo unakwera. Ndinakakhoma zitseko za sitolo ya mmwenye wina, ndikugona kwa malemuwo, ndikudya nawo mbale imodzi. Nditawauza za imfa yawo anangofunsa ngati anthu anabwera ambiri.

Kulakwitsa kwachiwiri kunali tsitsi. Pobwerera ndinapeza pa geti pali bambo wina wamtali, wa kumpoto, dzina lake a Msiska. Awa ndi a Msiska omwe aja a ku Area 10, amene anakusainira mapepala ako, koma nthawi imeneyo anali owonda ndipo anali ndi njinga yokha. Anayang'ana kapepala, anayang'ana ine, kenako anayang'anitsitsa mutu wanga.

"Phepani chomene, dada," anatero. "Koma inu Achewa ndimakudziwani. Maliro a atsibweni enieni, mphwawo n'kubwerako osameta?"

Ndinati lumo linabuntha lisanafike pa ine, poti abale tinachuluka. Anagwedeza mutu mwachisoni n'kundilola. Kuyambira pamenepo ndinkayenda ndi lumo langa, ndipo pobwerera ndinkakhala pa chulu china kuseri kwa geti n'kudzimeta mpala ndekha, wopanda galasi, wopanda sopo. Amayi ako ankandilandira mutu uli mabalamabala n'kufunsa kuti, "Lero ndiye mwaika ndani?" Bodza ndi ntchito, Fanuwelo. Limafuna zida zake, ndipo salipira.

Mpala womwewo unandiphunzitsa kasungidwe ka mapepala. Kapepala ka pa malire ndinkakasunga m'chipewa, kuopa akuba. Tsiku lina mvula inandipeza pa njira, ya matalala, ndipo nditafika kwa a tsidya ilo n'kuvula chipewa, kapepala kanali phala. Chidindo chonse chinali chitasamukira pa mutu, chofiirira, chowerengeka ndithu koma chotembenuka. Ndinawerama n'kupereka mutu pa windo. Msilikali wa kumeneko anaitana anzake onse kuti adzawerenge, wina mpaka anabwera ndi kagalasi. Anandilola kudutsa chifukwa choseka, koma usadalire zimenezo, poti si onse amaseka. Pasipoti yako ndaikulunga m'pepala la pulasitiki. Isakhale m'chipewa, isakhale m'thumba la kumbuyo, ndipo bwana aliyense akati "bweretsa ndikusungire", umuuze kuti bambo ako anakana. Munthu amene wasunga pasipoti yako wasunga miyendo yako.

Ndinapitiriza kupha. Atsibweni ndinawaphanso kachiwiri pa dzanja la mlonda watsopano. Ndinapha azakhali, ndinapha msuweni amene sanabadwe n'komwe, ndinapha nyakwawa ya m'mudzimo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Abale oti n'kupha anayamba kutha, ndipo a Msiska anali ndi mutu wosunga zinthu. Ankatha kukufunsa kuti, "Amasiye a azakhali aja akupeza bwanji?" iwe utaiwala kale kuti unali ndi azakhali.

Tsono kulakwitsa kwakukulu. Kapitawo wina wa ku Chipata anatuma mawu kuti pali denga la sukulu, ndifike msanga lisanapite kwa wina. Ndinafika pa geti m'mawa, ndipo pa windo panali a Msiska. Ndinasanthula m'mutu mwanga mudzi wonse, nyumba ndi nyumba, ndipo onse anali m'manda kale. Pakamwa panangotuluka kuti, "Ndi amayi."

Ndinali nditanunkhiza fodya wa mphuno pang'ono, ndiye misozi inabwera yambiri. Chimene sindinadziwe n'chakuti a Msiska anali mkulu wa mpingo, ndipo mayi awo anawamwalirira iwo ali kutali ku ntchito. Anatuluka m'kanyumba kaja, anandigwira dzanja, anaimitsa mzere wonse wa anthu ndi malole awiri a chimanga, n'kuyamba kupemphera m'Chitumbuka. Anthu a kumpoto akamapemphera sathamanga. Anayambira pa kulengedwa kwa dziko. Atatha anayimba nyimbo, madalaivala a malole atavula zipewa, amayi ena pa mzere akuyankhira. Ine ndili pakati, maso ali psu ndi fodya, ndikulakalaka nthaka itang'ambika. Pomaliza analowa m'kanyumba n'kutuluka ndi paketi ya shuga, yawo ya tiyi wa ku ntchito.

"Chipepeso chane ndi ichi, dada. Chiuta amukhozgeni mtima."

Ndinalandira ndi manja awiri. Shuga ndinakamusiya kwa amayi, osanena kumene wachokera, n'kupita kukakhoma denga.

Lamulungu lotsatira, a Msiska atatuluka m'tchalitchi, chikumbumtima chinawauza kuti shuga yekha sakwana, mkulu wa mpingo ayenera kukaona anamfedwa. Iwo pa malire ankadutsa ngati pakhomo pawo. Anapalasa njinga, jekete lakuda, Baibulo kumbuyo, akufunsa njira mpaka kufika pa mudzi umene ndinawatchulira. Woyamba kuwalonjera anali atsibweni a Chikakuda, amene a Msiska ankadziwa kuti anapita kale, ali pa mpando akusoka mphasa. Kenako anatuluka azakhali. Kenako nyakwawa inabwera kudzaona mlendo wa jekete. Pomaliza anatuluka malemu mwiniwake, agogo ako, atanyamula thireyi, n'kugwada, n'kuwapatsa tiyi wothira shuga wa chipepeso chawo chomwe.

Atsibweni ankati bamboyo tiyi anamwa yense, poti ndi munthu woleredwa bwino. Anathokoza, anati wakondwa kuwapeza onse ali bwino, kuposa mmene amayembekezera, n'kukwera njinga.

Nditafika madzulo ake ndinapeza mudzi wonse ukundidikira. Ndinkayembekeza ndodo, koma agogo ako anali mayi woseka. Anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Wandipha ndi chiyani, mwana wanga?"

"Chibayo, amayi."

"Bola ukanati mphenzi. Chibayo n'chozunza." Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandigwira pa mkono. "Poti wandipha kale, palibe kanthu. Koma tsiku lenilenilo udzabwere ndi matabwa abwino. Sindifuna kukhomeredwa ndi Zakeyo, zitseko zake sizitsekeka."

Zakeyo anali wokhomakhoma wa m'mudzimo, munthu wabwino koma wodana ndi sikweya yoyezera ngodya. Ndinalonjeza. Pobwerera ndinazemba geti, ndinadzera m'tchire usiku ngati fisi, ndipo ku Chipata sindinapitenso. Mwamwayi nthawi yomweyo anayamba kugwetsa mitengo tsidya la Lingadzi kuti amange likulu. Mudzi wa kwa amayi ako anausamutsa, munda wathu wa mtedza unasanduka msewu wa tara, ife tinabwera kuno ku Old Town, ndipo ntchito imene ndinkaiphera abale inandipeza pakhomo. Anthu anachokera ku Zomba, ku Mzimba, ku Nsanje. Azungu a ku Joni ankatsika m'ndege ndi zikwama zawo kudzatiyang'anira, ndipo sindinamvepo kuti wina mwa iwo anafunika kupha azakhali ake kuti alowe. Simenti inkawoloka malire, malata ankawoloka, magalasi ankawoloka. Chovuta kuwoloka ndi munthu wa manja awiri amene akufuna kukhoma malatawo. Zimenezi sindinazimvetse mpaka lero, ndipo ukakazimvetsa kumeneko udzandilembere.

Tinali pa denga la ofesi ina ku Capital Hill pamene uthenga unabwera ndi wa lole ya fodya. Amayi anali atamwalira m'bandakucha wa tsiku lomwelo. Chibayo, Fanuwelo. Ndinatsika pa makwerero osadziwa kuti ndatsika bwanji. Matabwa a mlombwa ndinali nawo kale, opalapala, ndinkawasunga kudenga kwa nyumba. Ndinawamanga ndi luzi, ndinatenga zida, ndinakwera lole yopita ku Mchinji. Za m'tchire sindinaganize n'komwe. Ndi matabwa pamutu, masana, akanandigwira ngati wozembetsa katundu, komanso munthu amene akunena zoona saganiza zozemba.

Pa windo panali a Msiska.

Sanakwiye. Bola akanakwiya. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "A kalipentala. Mwasowa. Lero ndi ndani?"

"Ndi amayi, bwana."

"Amayi ati? Opanga tiyi aja?"

Anzawo m'kanyumbamo anaphulika kuseka. Ndinamva pambuyo pake kuti kuyambira tsiku la shuga lija ankawatcha m'busa wa anthu ouka kwa akufa, ndipo nkhaniyo inafika mpaka kwa akuluakulu awo ku Zomba. Ndinalumbira, ndinagwada pa fumbi, ndinaonetsa matabwa. Anati matabwa ndi abwino, sitolo imene ikawalandire ili ndi mwayi. Ndinafuna kulira kuti aone, koma misozi inakana. Ine amene ndinkalira ndi fodya mpaka kunyowetsa malaya, tsiku limenelo maso anali gwa.

"Ulendo uja munalira bwino kuposa lero," anatero a Msiska.

Anandikhazika pa benchi, wapolisi ali pambali, kuti ndidikire mkulu wawo wochokera ku boma adzandifunse za kunamiza ogwira ntchito ya boma. Mkuluyo anabwera mawa lake dzuwa litakwera, anandikalipira, n'kundibweza. Matabwa ndinawasiya pa sitolo ina, ndinazungulira m'tchire ndikuthamanga. Ndinapeza adzukulu akutsuka makasu. Bokosi anakhoma Zakeyo, ndi matabwa a chitseko chakale, ndipo atsibweni anandiuza mosabisa kuti chivundikiro anachita kumanga ndi chingwe. Ine ndinafika pa kumeta pokha. Anandimeta ndi atsibweni omwewo amene ndinawapha kawiri, ndi sopo, mosamala. Misozi inabwera lumo lili pamutu, ndipo inandipweteka kwambiri, mwana wanga. Ikundipwetekabe pano ndikulemba.

Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Wanga unandidikira pa geti zaka zonsezo, uli phee.

Usaganize kuti a Msiska ndi munthu woipa. Boma litasamuka ku Zomba, anthu a maofesi akubwera ndi mipando yawo pa malole, akazi awo akudandaula fumbi la Lilongwe, kontirakitala ananditumiza ku Area 10 kukakonza makabati a nyumba ina amene ankakana kutsekeka. Ndinagogoda kukhomo la kukhitchini, monga timachitira ife kumeneko. Amene anatsegula anali iwo, atanenepa, atakwezedwa, ali ndi galimoto pabwalo. Tinayang'anana. Ndinaganiza zothawa, koma agalu a ku Area 10 amadya bwino kuposa ife.

"A kalipentala," anatero. "Kuno kulibe maliro."

"Ndabwerera makabati, bwana."

Ndinagwira ntchito tsiku lonse, iwo akungoyendayenda pakhonde. Koma Loweruka lake galimoto inaima pano pa shopu, ana a muno m'Mchesi ataizungulira, ndipo anatsika atavala jekete lakuda lija, litawathina. Anati atandibweza tsiku lija mtima sunawakhale, ndipo patapita sabata anapalasanso njinga kupita ku mudzi kuja. Anakapeza mtumbira watsopano. Anandifunafuna, koma munthu wa ku Lilongwe wosadziwika nyumba angamupeze ndani? Anatulutsa paketi ya shuga n'kuiika pa tebulo lino, pamene pali pepalali.

"Uyu ndi wa ulendo weniweni uja. Wachedwa. Phepani, dada."

Ndinati wolakwa ndine. Anati akudziwa, koma shugayo ndilandirebe. Amayi ako anapanga tiyi, tinamwa tonse atatu, ndipo a Msiska anayang'ana m'kapu n'kunena kuti m'banja mwathu amayi amadziwa kupanga tiyi, amoyo ndi akufa omwe. Kuyambira pamenepo ndi pamene amandipatsa moni uja umakudabwitsawu, woti "Lero tonse tilipo?"

Ndi chifukwa chake, pamene unkafuna pasipoti, ndinakutengera kwa iwo, ndipo ndi chifukwa chake anakuimika pa mzere ku City Centre ngati wina aliyense, milungu yonse ija, iwe ukutukwana chamumtima. Unkati bambo ako ali ndi mnzawo wamkulu wopanda phindu. Phindu lake ndi limenelo. Pepala lako lililonse ndi loona, dzina ndi lako, chithunzi ndi chako ngakhale unatuluka ngati wakuba nkhuku. Ukhoza kuyang'ana munthu aliyense wa pa windo m'maso. Ine sindinakhalepo ndi chuma chimenecho.

Tsono tizinthu ting'onoting'ono, poti pepala likutha. Chilolezo chako cha ntchito chili ndi tsiku lothera. Uzikachikonzetsa tsikulo lisanafike, osati litapita, chifukwa chikangotha umasanduka munthu wobisala, ndipo munthu wobisala sabwera kwawo, amaopa kuti akatuluka sadzalowanso. Machona ambiri amene unkawamva si kuti anaiwala kwawo ayi. Ena anangochedwa ndi pepala, manyazi n'kuwonjezerapo, zaka n'kupita. Kumeneko ukakhala mlendo. Akakupatsa ntchito imene eni dziko akuikana, malipiro akakhala ochepera a mnzako amene unamuphunzitsa iwe, ndipo zinthu zikakavuta, woyamba kumuloza chala ukakhala iwe. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Udye nthangazo, uphunzire moni wa chinenero chawo, ndipo maliro a anansi ako uzikakhala nawo, ngakhale nyimbo usakuzidziwa.

Tsitsi lakolo, limene walisunga ngati chisa cha mpheta, ulimete wekha usanabwere kudzationa. Masiku ano pa geti lomwe lija boma limameta anyamata a tsitsi lalitali, ulere, ndi sizasi yobuntha, anthu akuonerera. Ine ndinkachita kubisala pa chulu kuti ndipeze mpala, inu mukuupeza mwaulemu wa boma. Thalauza lotambalala kumiyendolo nalonso ulisiye komweko. Amayi ako akuti ndikuuzenso za akazi a kumeneko. Ine ndilibe mawu, poti sindinawaone. Ndingoti ukakapeza wokukonda, adziwe kuti Lilongwe ndi malo enieni, osati nthano imene mwamuna wake amakamba akaledzera.

Ndipo tsiku lidzafika, chifukwa limafika kwa aliyense, limene udzatope. Bwana adzakukaniza tchuthi, Khirisimasi ili pafupi, anzako akupakira. Mawu a Bonifasi adzakubwerera, okoma ngati uchi. Ukadzafika pamenepo, uza bwanayo kuti wasowa kwanu, akane ngati akana. Muuze kuti watopa. Siya ntchitoyo ngati n'kofunika, manja ndi ako. Koma ine undisiye wamoyo. Amayi akonso uwasiye, ngakhale iwo akuti ukawapha adzadziwa okha ndipo adzakutsatira komweko ndi mthiko. Ngati pakamwa pakuyabwa kwambiri, ipha Bonifasi.

Matabwa a mlombwa aja ndinakawatenga pa sitolo paja. Sindinawagulitse, ngakhale chaka chimene tinagona ndi njala. Ali kudenga kwa shopu ino, pamwamba pa mutu wanga, ndipo chaka chilichonse ndimawatsitsa, kuwapukuta, kuyang'ana ngati chiswe chalowa. Anali a amayi. Tsopano ndi anga, ndipo kutalika kwake ndayeza, akukwana, ungodula pang'ono kumapazi.

Ndikudziwa kuti unathawa sowo n'kupita ku mawaya, ndipo sikweya umaigwira ngati Zakeyo. Zilibe kanthu. Bokosi likhote, chivundikiro chikane, umange ndi waya wako wa magetsiwo ngati ufuna. Koma tsiku limene uthenga udzakupeze pamwamba pa makwerero, ndikufuna udzafike pa windo lililonse, kuyambira kumeneko mpaka pa Mchinji, udzanene kamodzi kokha kuti "ndi bambo anga", ndipo mtengo udzakwere. Mawu amenewo amagwira ntchito kamodzi. Ndisungire.

Amayi ako akuitana kuti nkhuku yapsa, ndipo akufunsa chimene chandifiiritsa maso. Ndawauza kuti ndi utuchi.

Uyende bwino, Fanuwelo. Ine ndikhala ndilipo mpaka utamva kuchokera kwa amayi ako.

Ndine bambo ako,
amene sanafepo ndi kamodzi komwe.